Tidzaima Pobwerera

Anthu akandifunsa ngati ndinafikako ku mzinda wa juga uja wa ku Bophuthatswana, ndimangoti eya, kamodzi, n'kusintha nkhani. Lero nditulutse zonse, chifukwa zandilemera zaka zambiri.

Kunali kumapeto kwa zaka za m'ma 80, ine ndikuphunzira zamagetsi pa koleji ina ku Joni. Tinkakhala atatu m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mayi wina ku Diepkloof, ku Soweto: ine, Yusufu wa ku Mangochi, ndi Mandla, Mzulu wa ku Newcastle amene pakamwa pake sipankatsekeka. Mabedi anali awiri, wachitatu ankagona pansi, ndipo tinkasinthana mlungu ndi mlungu. Pansi pa sutikesi yanga panali kaseti yokulungidwa m'kansalu, yomangidwa ndi ulusi wakuda. Nkhani yonse ili pa kaseti imeneyo.

Patchuthi cha Khirisimasi ndili kwathu ku Ntcheu, mayi anga aakulu, a Naphiri, anandiitana. Anali akudwala, miyendo itatupa. Anabwereka wailesi ya kaseti kwa aphunzitsi, ine n'kuwaonetsa podina. Kenako anatitulutsa tonse m'nyumba, chitseko gwa! Anayankhula okhaokha nthawi yaitali, ndipo anandiitana kamodzi kokha kuti ndikatembenuze kaseti. Atamaliza anaimanga okha.

"Ukaipereke m'manja mwa malume ako. Iwe usamvere, si zako."

Malumewo, mlongo wawo wamng'ono, anapita kumigodi ine ndisanabadwe, n'kutchona. Mayi awo atamwalira sanabwere pamaliro, ndipo a Naphiri analumbira pamanda kuti alibenso mlongo. Zaka zoposa makumi awiri zinadutsa popanda ngakhale kalata. Ndiye mwezi wa Malichi a Naphiri anatisiya. Mawu awo amene anatsala padziko lino anali m'sutikesi yangayo basi.

Malume ndinawapeza kudzera mwa mkulu wina wa kutchalitchi. Migodi anali atasiya chifukwa cha chifuwa, akugwira ntchito pa sitolo ya pafamu ku Boshoek, kupitirira Rustenburg. Ndinawalembera za maliro ndi za kaseti. Yankho linabwera lalifupi, lolembedwa ndi dzanja la munthu wina: "Bwera nayo msanga. Ngati wandiitana, ndipita kwathu. Ngati wanditukwana, ndimvanso." Ine ndinati ndikamaliza mayeso. Mayeso atatha ndinati kuzizira kukatha. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo zengerezu wake ndinali ineyo.

Mu Okutobala Mandla anabwera ndi galimoto ya msuweni wake, yobiriwira koma chitseko chimodzi chofiira, imene aliyense ankangoitcha sikorokoro. Anayala mapu pabedi.

"Mfowethu, m'bale wanga, Loweruka tikupita kukalemera. Tibwerako ndi galimoto ina, iyi tikaisiya komweko!"

Nditayang'ana mapu ndinaona kuti msewu wake ukudutsa pa Boshoek penipeni. Mtima unati basi, mwayi ndi umenewu. Ndinalembera malume kuti ndifika Loweruka masana. Za juga sindinatchule, mwana wa mlongo wawo angalembe bwanji zimenezo? Yusufu, Msilamu wosakhudza juga, anati apita nawo kuti akaone mmene zitsiru zimametedwera, komanso kuti asunge ndalama ya petulo wobwerera m'sokosi mwake.

Tinapangana kunyamuka 6 koloko m'mawa. Sikorokoro inakana kulira. Tinaikankha kutsika msewu wonse, n'kuikankhanso kukwera, mayi a nyumba aja ataima pageti manja ali m'chiuno akutiseka. Inalira 8 koloko itadutsa, ife malaya atanyowa kale ndi thukuta. Kaseti ndinaiika m'thumba la malaya, pamtima, ndipo ndinkaigwira pafupipafupi. Ku Krugersdorp tinasonkha marandi khumi ndi asanu aliyense n'kuthira petulo, Mandla akuimba mokuwa ngati wapambana kale.

Titangotsala pang'ono kulowa m'Magaliesburg tinamva phwa! kutsogolo, kenako nthunzi tolotolo. Lamba wa fani anali ataduka. Tinaikankhanso, nthawi ino mpaka pa galaja ina yaing'ono. Mwini wake, mzungu wonenepa, anali pa wailesi kumvera mpira wa ragibi, ndipo sanatembenuke n'komwe. Anangoloza kuseri ndi chala. Kuseriko tinapeza makaniko, bambo wachikulire Mtswana, amene anayang'ana injini n'kupukusa mutu. Lamba wa mtundu umenewo analibe, koma ankadziwa munthu wina wa pafamu amene ali ndi galimoto yakufa yofanana nayo. Anakwera njinga, natiuza kuti abwera pompano.

Pompano wa bambo uja, abale! Tinagula buledi ndi zakumwa pa kawindo ka m'mbali mwa sitolo, popeza pakhomo lakutsogolo si pathu, n'kukhala pansi pa mtengo. Mandla anatiphunzitsa njira yake yopambanira makina, imene ankati anaimva kwa munthu amene anaimva kwa munthu. Yusufu anapempha madzi pampopi, nasamba, napemphera kuseri kwa galaja. Mayi wina wogulitsa malalanje anatimvera chisoni n'kutipatsa atatu aulere. Ine ndinkangoyang'ana dzuwa. Linakwera, linafika pamutu, linayamba kupendeka. Bambo uja anatulukira 1 koloko itakwana, lamba ali m'khosi ngati mkanda, ndipo anali atadya nkhomaliro kumene anapitako.

Tinayenda bwino mwina mphindi makumi anayi. Tisanafike Rustenburg, pafupi ndi damu, tinapeza migolo pamsewu, apolisi ndi asilikali. Masiku amenewo rodibuloko sinali nkhani yoseka. Anatitulutsa, manja pa galimoto. Pasipoti yanga ndi ya Yusufu anazitembenuza uku ndi uku, pepala la sukulu analiwerenga kawiri. Kenako wapolisi wina wamng'ono, wa ndevu zofiira, anandisisita pachifuwa n'kutulutsa kansalu kaja. Anadula ulusi wa a Naphiri ndi mano.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa m'Chingerezi.

"Ndi kalata, bwana. Ya mayi anga, kupita kwa mlongo wawo."

Anaseka. Nthawi imeneyo ankasaka makaseti a ndale, ndipo kaseti yopanda dzina yobisidwa m'nsalu inali yokayikitsa ndithu. Anawerama n'kuilowetsa mu wailesi ya m'galimoto. Kunamveka phokoso la mphepo, tambala akulira chapatali, kutsokomola. Kenako mawu amene ndinawaika m'manda miyezi isanu ndi iwiri yapitayo:

"Iwe Kambani, ndine Naphiri, mlongo wako. Takhala pansi umve."

Sindikudziwa mphamvu ndinazitenga kuti, koma ndinalowetsa dzanja pawindo n'kudina kuti ituluke. A Naphiri anandiuza kuti ndisamvere, ndiye amvere wapolisi pamsewu? Mnyamata uja anandiyang'ana moopseza, koma mkulu wake anali atatopa nafe. Anati ndi nkhalamba chabe ikuyankhula chinenero cha kwawo, tizipita. Wa ndevu zofiira anaiponya kaseti pa dashibodi, kansalu kanagwera pansi m'galimoto momwemo. Tinalowa m'galimoto, Mandla n'kuponda mafuta. Tinadutsa Rustenburg, ndipo kaseti ija ine sindinaibwezere m'thumba.

Kupitirira Phokeng dziko linauma. Minga, miyala, fumbi lofiira, mphepo yolowa pawindo yotentha ngati ya m'uvuni. Nthawi inali itadutsa 3 koloko. Chikwangwani cha Boshoek chitaoneka, Yusufu anandigwira paphewa kuchokera kumbuyo.

"Achimwene, tafikatu kwa amalume."

"Mphindi khumi," anatero Mandla. "Upereke, uwagwire chanza, tizipita. Taluza kale theka la tsiku."

Apa ndi pamene ndinalakwa, ndipo ndisanamizire Mandla. Iye sankadziwa, koma ine ndinkadziwa kuti kwa malume kulibe mphindi khumi. Munthu amene wachoka kwawo zaka makumi atatu sumupatsira chinthu pawindo la galimoto. Umakhala pansi, mumalonjerana, umamufotokozera maliro onse a pamudzi mmodzimmodzi, nkhuku imaphedwa, ndipo suchoka usanadye. Tikanaima, usiku ukanatipeza pomwepo. Komanso akanafunsa kuti nanga mukupitirira kuti, ine n'kuyankha chiyani? Pansi pa zifukwa zonsezo panali china chonyansa: ndinkafuna kukaona magetsi aja. Ndinkafuna kwambiri.

"Tiyeni tipitirire," ndinatero. "Tidzaima pobwerera. Mawa tidzakhala ndi nthawi yokwanira."

"Achimwene, munalemba kuti Loweruka," anatero Yusufu.

"Ndati pobwerera! Malume ndi anga kapena ako?"

Yusufu anachotsa dzanja lake. Pa mphambano yolowera kusitolo panali bambo atakhala pa kreti, atavala jekete ndi chipewa m'kutentha konse kuja, dzanja lili pachipumi akuyang'ana magalimoto ochokera ku Rustenburg. Ndinali ndisanawaonepo chibadwire, koma chipumi chinali cha a Naphiri. Ndinatsetsereka pampando mpaka mutu unabisika. Tinadutsa.

Za mzindawo ndinene zochepa. Unangotulukira pakati pa mapiri ouma, udzu wobiriwira, madzi akuthovoka m'mwamba, pamene m'midzi tinadutsa muja anthu ankakankha migolo pa wilibala. Galimoto tinaisiya pabwalo lalikulu lopanda mtengo ndi umodzi womwe, n'kutseka mawindo onse kuopa akuba, ndipo kuchokera pamenepo tinachita kukwera kabasi. Mkati munalibe mawindo kapena wotchi. Azungu ndi anthu akuda ankakhala pa makina oyandikana, chinthu chimene ku Joni sindinachionepo. Ndalama yanga yachitatu inandigwetsera mulu wa masiliva, ndipo ndinakuwa ngati mwana. Kuyambira pamenepo sindinakumbukenso malume, a Naphiri, ngakhale dzina langa. Chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere: pofika m'mawa tonse awiri tinali titametedwa monga ananenera Yusufu.

Tikanachoka m'mawa momwemo mwina zikanakhala zina. Koma Mandla anagulitsa wotchi yake kwa munthu wina, nati makina ake atsala pang'ono kusanza. Ine ndinagona pa kapinga pansi pa mtengo wa kanjedza. Yusufu anandidzutsa kawiri, ine n'kumuuza kuti andisiye. Tinafika pa galimoto 2 koloko masana Lamulungu. Chitseko sichinkagwirika, mkati munali ng'anjo. Yusufu ndi amene anaiona pa dashibodi paja. Anaitola ndi kansalu kaja chifukwa inkaotcha, nandipatsa. Kaseti inali itapindika ngati chikopa chouma padzuwa.

Mayo ine! Ndinayesa kuiwongola ndi manja, ndinaiuzira, ndinaithira madzi. Mandla, munthu wa phokoso uja, anangoti "Hhayi" kamodzi, basi. Mtunda wochokera pamenepo kufika ku Boshoek ndi waufupi, koma ndinkapemphera kuti lamba adukenso.

Pa kreti panalibe munthu. Mayi wa m'sitolo, titafunsa a Phiri, sanawadziwe. Titati bambo wa ku Malawi anati, "Oo, Jimu," n'kutilozera kachipinda ka malata kuseri. Malume anatuluka atavala jekete lomwe lija. Anali aafupi, owonda, akupuma movutikira. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiwe mwana wa Esitere. Makutuwo ndi a kwathu. Lowani, alendo."

M'chipindamo munali mosesedwa bwino. Patebulo panali wailesi ya kaseti yobwereka, itafundidwa kansalu koyera, ndipo pambali pake mabatire asanu ndi limodzi atsopano, akadali m'pepala lake. Anatiuza kuti dzulo kunabwera anzawo awiri a ku Dedza, madala a kumigodi, kuti adzamvere nawo mawu a kumudzi. Anadikira mpaka dzuwa kulowa, n'kubwerera.

Sanafunse za kaseti. Anachita monga mwa mwambo, ndipo mwambowo unandiotcha ngati moto. Anandilonjera, analonjera anzanga, kenako anayamba kufunsa anthu. A Gomani alipo? Anapita. Nanga a Nachisale a kutsidya? Anapita chaka cha njala. Nanga Yohane amene tinkaweta naye mbuzi? Dzina lililonse ankaliyankha ndi "Ogo!" n'kugwedeza mutu. Za a Naphiri anafuna kumva zonse: anadwala bwanji, anamwalirira kuchipatala kapena kunyumba, anagona pafupi ndi ndani. Ndinati pafupi ndi agogo. Anatseka maso. Kenako anatulutsa nkhuku ya dzulo, atatenthetsanso, ndipo tinadya.

Titasamba m'manja anavundukula wailesi, nayamba kung'amba pepala la mabatire.

"Ndinagula atsopano kuti mawu asakoke. Bweretsa tsono."

"Malume, galimoto inatifera panjira dzulo..."

"Yobiriwira, ya chitseko chofiira," anatero mosakweza mawu. "Inadutsa apa dzulo 3 koloko itapitirira. Ndinaiona. Bweretsa."

Ndinagwada. Ndinaipereka ndi manja awiri, ndipo ndinanena zonse, za apolisi, za dashibodi, za juga, za kubisala pampando. Sanandidule. Anaitembenuza kaseti ija, nayesa kuilowetsa mu wailesi, koma sinalowe. Anatenga kampeni, namasula tizitsulo take mosamala ngati akuchotsa munga m'phazi la mwana. Mkati tepi yonse inali itamatana, chibulumwa chimodzi chakuda. Atayesa kukoka nsonga, inaduka m'zala zawo.

Ndikanakonda akanandimenya. Ndikanakonda akanatukwana mpaka mayi wa m'sitolo abwere kudzaleretsa. Iwo anangoyang'ana chibulumwa chija.

"Unamverako?"

"Anandiletsa, malume. Ndinangomva poyambira pokha, pa apolisi paja."

"Anati chiyani?"

"Anati, 'Iwe Kambani, ndine Naphiri, mlongo wako. Takhala pansi umve.'"

"Tabwereza."

Ndinabwereza. Anandiuza kuti ndibwerezenso, ndipo ndinatero kachitatu.

"Kambani," anatero okha. "Kuno ndine Jimu. Kumgodi Jimu, pafamu Jimu. Dzina limenelo ndinalimva komaliza pa siteshoni ya Balaka." Kenako anayang'ana wailesi yopanda kanthu ija. "Ndakhala pansitu, Naphiri. Ndimve chiyani?"

Mandla anatuluka panja ngakhale Chichewa sankachimva. Yusufu, mtima wake wabwino, anayesa kuthandiza.

"Bambo, kasetiyi inadzaza mbali zonse ziwiri. Munthu wodwala sangadzaze kaseti yonse ndi mkwiyo. Ankakuitanani ndithu."

Malume anaseka pang'ono, kuseka kumene kunathera m'chifuwa.

"Mwana wanga, Naphiri sukumudziwa. Uja akhoza kutukwana mbali ziwiri n'kupempha kaseti ina." Anatembenukira kwa ine. "Iwe unali panja. Potuluka m'nyumbamo, nkhope yake inali yotani? Analira?"

Apa ndikanatha kunama, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ndinachita bwino kusanama. Ndinayesa kukumbukira, koma tsiku limenelo maganizo anga anali pa mpira wa pabwalo la sukulu, ndipo nkhope yawo sindinaiyang'ane n'komwe.

"Sindikudziwa, malume."

Ndinawachonderera kuti apitebe kumudzi. Ndinati amayi akawalandira, nyumba ilipo, ine ndikawaperekeza pa Khirisimasi. Anapukusa mutu.

"Munthu amene anathawa maliro a mayi ake salowa m'mudzi ngati wochokera kumsika. Amachita kuitanidwa. Esitere ndi wamng'ono, analumbira pamanda paja si iye. Amene anatseka chitseko ndi Naphiri, wotsegula ndi yemweyo."

Sanapite. Amayi anawalembera kawiri, ine ndinapitako kanayi, pa basi, opanda anzanga, ndipo ulendo uliwonse ankandilandira ndi nkhuku, osatchulanso za kaseti. Anamwalira patapita zaka zitatu, n'kuikidwa pa manda a pafamu pomwepo. M'thumba la jekete lawo tinapezamo kansalu ka a Naphiri, chibulumwa chija chili mkati.

Koma chimene chimandibwerera kwambiri ndi madzulo a Lamulungu lija. Anatiperekeza mpaka pa mphambano, pomwe panali kreti paja, akuima kawirikawiri kuti apume. Mandla analiza galimoto. Nditatsegula chitseko chofiira chija, malume anandigwira dzanja n'kuikamo kanthu kolemera. Anali mabatire aja, onse asanu ndi limodzi.

"Tenga, mphwanga. Iwe ndi wa zamagetsi, ukawapezera ntchito. Ine ndilibenso choti ndimvere."